Mchere wa a Padiri

Anthu akandiona ndikuwerama polowa pakhomo amayamba kufunsa za mpira. Amafuna ndiwauze za ku Lisiboa kwa Apwitikizi, za sitima ya pamadzi, za azungu odzaza nyumba akuwombera m'manja munthu wakuda wa ku Chiuta. Ine ndikaikumbukira nkhani imeneyo ndimamva mseru. Koma poti imafunsidwa kawirikawiri, ndiinena kamodzi yonse, ndipo wofuna zokoma akafunse ena.

Kwathu ndi kwa asodzi, m'mphepete mwa nyanja ya Chiuta, ndipo ndife Asilamu kuyambira makolo. Bambo anamwalira ndikukwawa. Mwa ana anayi a amayi anga, Abiti Amidu, mwamuna ndinali ndekha. Mwambo wathu ndi wakuti mkazi akamwalira, wolowa m'dzenje kukamulandira ndi kumugoneka m'kachipinda ka m'mbali ndi mwana wake wamwamuna, akasowa ndiye mlongo wake. Amayi ankaiganizira nkhani imeneyo kuposa chakudya. Tsiku limene asipayo, apolisi a boma la Apwitikizi a ku posito, anandilemba kontrato yokanyamula matumba kudoko la Beira, sanalire ayi. Anandigwira dzanja n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Pita, utali wakowo ukadyere komweko," anatero. "Ine nsalu sindikufuna, ndiwo sindikufuna. Tsiku langa likadzakwana udzalowe m'dzenje ndiwe, udzandigoneke ndi manja awa. Usadzandisiyire a Saidi."

A Saidi anali amjomba anga, mlongo wawo wa amayi, munthu wa pakamwa pokoma koma manja lende. Ndinaseka, ndinalonjeza. Lonjezo lophweka chotero ndani akanakana?

Ku Beira ndinanyamula thonje ndi shuga mpaka khungu la paphewa linauma ngati chikopa. Tinkagona m'shedi ya malata, amuna osawerengeka, chidebe chimodzi cha chimbudzi chili pakona, nsikidzi zikuyenda masana osaopa munthu. Ndiye tsiku lina anandiona Sinyoro Matos, kalaliki wamkulu wa kampani, kamunthu kafupi konunkha fodya ndi adyo. Anandiimika kukhoma, anakwera pabokosi, n'kulemba ndi khala pamene panalekeza mutu wanga. Anatambasula zala zanga, anafinya ntchafu, anandiyasamulitsa kuti aone mano. Kwathu amatero pogula ng'ombe, kungoti ng'ombe saiuza kuti imwetulire.

Kampaniyo inali ndi kalabu ya mpira wa basikete, ndipo woyang'anira anali iyeyo. Amuna asanu uku, asanu uku, ndi kaukonde kopachikidwa pachitsulo pamwamba. Nditakaona koyamba ndinafunsa ngati wosoka wake anali ataledzera, chifukwa pansi pake panali pobooka. Mwana wa msodzi ine, kundilemba ntchito yoponya chinthu mu ukonde woti chikangolowa chatuluka. Nsapato zondikwana zinasowa m'tauni yonse, moti zoyamba anazidula kutsogolo, zala zili panja. Pa mapepala a kampani ndinakhalabe wa m'nyumba yosungira katundu, popeza ankati osewera salipidwa, amangosewera chifukwa chokonda. Thumba sindinaligwirenso. Bodza loyamba linali limenelo, ndipo linandikomera.

Sindinama, mpirawo ndinaukonda. Malo anga anali pansi pa ukonde. Mpira ukagunda chitsulo n'kubwerera unali wanga, ndipo wina akalumpha kuti aponye ndinkaumenya usanachoke bwino m'manja mwake. Maso ozolowera kuona nsomba ikutembenuka m'madzi akuda ankadziwa pogwera mpira usanagwe. Anthu ankakuwa, ine mutu n'kukula. Koma tikapambana anzathu achizungu ankakwera pamwamba kukadya patebulo, ife akuda atatu n'kutipatsira mbale kukhomo la khitchini, pafupi ndi migolo ya zinyalala. Akazi a mabwana akatsika ankandisisita mkono, kenako n'kuyang'ana m'manja mwawo ngati ndawadetsa.

Patapita zaka zingapo kalabu ina ya ku Lisiboa inandifuna. Sinyoro Matos anandiitanira mu ofesi yake, koyamba kundipatsa mpando.

"Rapazi, mnyamata iwe, mwayi wako wafika. Koma ndi dzina lakoli sungakwere sitima. Kumeneko osewera amalembedwa ndi pepala la ubatizo. Popanda limenelo ubwerera ku matumba."

"Patrau, ine ndine Msilamu."

"Wakuuza ndani kuti usiye? Ndi pepala chabe. Timadzi pang'ono pamutu, pofika panja tauma."

Ndinaganiza za matumba, ndinaganiza za chidebe cha pakona chija, ndinavomera. Ndinkayesa zichitikira kuseri, ine ndi padiri awiriwiri. Ndinapeza tchalitchi chodzaza. Mkazi wa Sinyoro Matos, amene tonse tinkangomutchula kuti Dona, ndiye anali mayi wanga wa ubatizo, atavala chipewa cha nthenga. Anandiveka suti yoyera, manja ake olekeza pakati pa mkono. Padiri sakanafikira mutu wanga, choncho ndinagwada. Anandiika mchere palilime monga ankachitira masiku amenewo, anandithira madzi, nati dzina langa ndi Jorge. Wojambula ankangong'animitsa kamera yake. Kuphwando anabweretsa mwana wa nkhumba wowotcha wathunthu, lalanje lili kukamwa, Dona n'kundidulira yekha ndi kuima pomwepo kudikira kuti ndimeze. Ndinameza. Ndinakasanza kuseri kwa galaja mpaka kutuluka ndulu, koma mchere uja sunachoke palilime.

Kupusa kwanga kwenikweni kunachitika mawa lake. Jornale, nyuzipepala yawo, inatulutsa zithunzi ziwiri, china ndikugwada, china ndili m'malere ndi mpira. Chogwadacho ndinang'amba n'kutaya. Cholumphacho ndinadula bwinobwino pamodzi ndi timawu ta pansi pake, n'kutumiza kwathu limodzi ndi njinga yonyamulira nsomba imene ndinagulira amjomba. Chipwitikizi ndinkalankhula koma sindinkawerenga; zilembo zimene ndinkadziwa zinali za ku madarasa zokha. Ndinkayesa timawuto tikunena kuti ndimalumpha kwambiri. Ndinadzamva mochedwa kuti tinkanena za ubatizo.

M'sitima ndinagona pansi penipeni, pamodzi ndi asilikali ovulala obwerera kwawo, mununkha masanzi ndi mabala. Ku Lisiboa anatiika mu pensau, nyumba yogonamo alendo ya mayi wina wamasiye, m'kanjira konunkha mkodzo wa amphaka. Bedi linali lalifupi, miyendo ndinkaisanjika pampando. Kuzizira kwake kunkalowa m'mafupa. Msuzi wa tsiku ndi tsiku unali wa kabichi, mafuta a nkhumba akuyandama pamwamba. Masiku oyamba ndinkauza mayiyo kuti m'mimba mwandipotokola. Njala itakula ndinayamba kukankhira mafutawo pambali ndi supuni. Kenako ndinasiya n'kukankha komwe.

M'chipinda changa munali mnzanga wa m'timu, wa ku Gine, dzina lake Braima, wamfupi kwa ine koma woti akagwira mpira sumuona. M'mawa wina ndinadzuka n'kumupeza atayala thaulo pansi akuswali. Ndinadikira kuti amalize.

"Iwe ukuswali? Nanga pa pepala la ubatizo anakulemba dzina lanji?"

"Pepala lanji?"

"Lija amafuna polemba osewera."

Anapinda thaulo lake pang'onopang'ono, maso ali pa ine.

"M'bale wanga, ine anandilemba Braima, dzina limene anandipatsa bambo anga. Palibe anandifunsa za madzi. Anakupusitsa ndani?"

Apo m'pamene ndinadziwa kuti lamulo lotero kunalibe. Dona ankafuna mwana wa ubatizo wamtali kuposa wa mnzake aliyense, ndipo mwamuna wake ankafuna nkhope yake mu jornale, kuti akuluakulu a boma aone mmene kampani ikuwetera bwino anthu akuda. Ndinagulitsa chipembedzo cha amayi anga kuti chipewa cha nthenga chijambulidwe. Ndinakhala pabedi lalifupilo ndikudzinyansa ngati munthu woponda zonyansa ndi phazi lopanda nsapato.

"Usadzimange khosi," anatero Braima. "Ukasambe thupi lonse, unene shahada, umboni uja woti Mulungu ndi mmodzi, basi wabwerera. Mulungu si Sinyoro Matos."

Ndinati ndichita mawa. Koma masewero aakulu asanayambe atsogoleri a kalabu ankatitengera ku misa, ine n'kundikhazika kutsogolo kuti anthu andione, kamendulo kali pakhosi. Braima ankakana kupita, ndipo masewero ambiri ankawaonera pabenchi. Ine ndinkapita, ine ndinkasewera. Mwezi wa Ramadani ndinkamanga naye, kusala kudya masiku awiri kapena atatu, mphunzitsi wa timu akakalipa n'kumasula. Ndinkadziuza kuti ndidzakonza zonse ndikadzafika kwathu. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinavumbwadi.

Chilimwe china Sinyoro Matos ndi mkazi wake anabwera ku Lisiboa kudzapuma, ndipo anandiitana kunyumba ya mbale wawo. Ndinapita ndi mawu okonzeratu m'mutu, oti ndikamufunse za pepala lija pamaso pa anthu. Nditalowa ndinapeza azimayi odzaza pabalaza, makapu a tiyi ali m'manja. Dona anandipatsa dzanja kuti ndipsompsone, anandiimika pakati, nati ndiwanenere pemphero limene anandiphunzitsa. Ndinanena lonse osaphonya. Anawomba m'manja, wina n'kundiponyera bisiketi. Za pepala sindinatchule. Potuluka ndinalavula pamasitepe awo, ndipo ukali wanga wonse unathera pamenepo.

Chimene ndimachikumbukira popanda mseru ndi Lamlungu masana. Braima ankatulutsa kasitovu kamene ankabisa pansi pa bedi, n'kuphika mpunga ndi nsomba zouma, mawindo titatsegula kuti mayi wa nyumba asamve fungo. Tinkadya ndi manja mumphika momwemo. Iye ankanena za mitsinje ya kwawo, ine za Chiuta ndi zilumba zake za udzu zoyenda ndi mphepo, aliyense akunamizira kuti nsomba za kwawo ndiye zazikulu. Sanandinyozepo ngakhale tsiku limodzi. Ankangoti akamayala thaulo lake, n'kusiya malo pambali.

Tinasewera ku Porto, ku Sipanya, mpaka ku Falansa. Mayiko amenewo ndinawaonera pawindo la basi ndi m'zipinda zovulira zonunkha thukuta. Ana m'misewu ankanditsatira akulira ngati anyani, ndipo akuluakulu omwe ankandiwombera m'manja Loweruka, Lolemba ankasuntha ndikakhala nawo pafupi. Kwathu ndinkatumiza zimene ndikanatha: malata, ukonde wa nayiloni, makina osokera a mlongo wanga wamkulu. Makalata ankachokera kwa amjomba, owalembetsa kukantina, ndipo Braima ndiye ankandiwerengera. Onse ankafanana: tili bwino, mayi ako akukunyadira, ukonde wina ukufunika. Za chithunzi sanatchulepo.

Bondo lakumanja linayamba kutupa. Dokotala wa kalabu ankalibaya jakisoni masewero asanayambe, ululu n'kuzimirira, ine n'kumalumpha pa mwendo wakufa. Tsiku lina ndikutera ndinamva kuti phwa, ngati nkhafi yathyoka. Atandichotsa pulasitala mtsogoleri wa kalabu anandigwira chanza, anandipatsa sutikesi yatsopano ndi tikiti ya sitima, maso ake ali kwa wosewera wina wamtali wa ku Angola amene anali atafika kale kudzagona pabedi langa. Wondiperekeza kudoko anali Braima yekha.

"Ukakafika usakayambe ndi kumasula sutikesi," anatero. "Ukayambe ndi kwa shehe."

Pochoka kwathu zaka zija ndinayenda pansi masiku angapo kukakwera lole. Pobwera ndinapeza njanji yafika ku Entre Lagos, pafupi ndi kwathu, asilikali ali ponseponse chifukwa cha nkhondo ya kutchire. Amjomba ndinawapeza atanenepa, nyumba ya malata, mabwato atatu padoko. Anandikumbatira, anandiitana bwana wa ku Lisiboa, anaitana anthu kudzaona sutikesi. Koma pa chakudya iwo ndi ana awo ankadyera m'mbale imodzi, ine n'kundiikira yangayanga ndi kapu yake. Ndinayesa ndi ulemu. Ndinazindikira nditaona akazi awo akuitsuka ndi mchenga payokha n'kukaisanjika padenga la khola la nkhuku.

Amayi anali atakalamba, maso atachita khungu. Anandipapasa kumaso, mapewa, mpaka anapeza manja, n'kuwagwira osawasiya. Patapita masabata angapo, masana ena tili awiri pakhonde, iwo akusenda chinangwa mopapasa, anandifunsa osatembenuka.

"Akazi kuchitsime akunong'ona kuti azungu anakuthira madzi awo. N'zoona?"

"Ndi nsanje imeneyo, amayi. Palibe anandithira kanthu."

"Ndinadziwa ine. Ndinawauza kuti wanga uja ayi."

Azungu anandinamiza, amjomba anandidyera, koma bodza lonyansa kuposa onsewo ndinalinena ndine, kwa nkhalamba yosaona. Ndipo linanditsekera njira. Kupita kwa shehe tsopano kunali kuvomera, ndipo m'mudzi mulibe chinsinsi, zikanafika m'makutu mwa amayi tsiku lomwelo. Lachisanu ndinkalowa mumzikiti n'kuima pamzere wakumbuyo, bondo louma nditalitambasula, ndikudziuza kuti mwezi wamawa.

Anamwalira pakati pa dzinja, m'mawa dzuwa litangotuluka. Kwathu maliro sagona. Akazi anawasambitsa, anawakulunga m'sanda yoyera, tinawaswalira, tinanyamula jeneza kupita kumanda. Manda athu ali kutali ndi mudzi, pakachitunda, koma dothi la ku Chiuta nthawi ya mvula ukakumba pofika m'chiuno madzi ayamba kutumphuka. Tinapeza okumba akukapa ndi beseni. Amuna anayi anatambasula nsalu pamwamba pa dzenje monga timachitira poika mkazi. Ndinavula nsapato, ndinapinda buluku, ndinaika phazi m'mphepete.

"Taimani kaye."

Anali a Saidi. Anatulutsa m'thumba kapepala kachikasu kopindapinda, ndipo ndinakazindikira asanakatambasule.

"A shehe, ine sindifuna mlandu kwa Mulungu. Mlongo wanga asagonekedwe ndi munthu wa tchalitchi. Pepala ili anatumiza yekha. Anandiwerengera mwini kantina mwezi womwe linafika."

"Mwezi womwe linafika," ndinatero. "Ndiye zaka zonsezi, amjomba, malata aja sanali a tchalitchi? Nanga ukonde?"

"Malata salowa m'manda."

Shehe anali munthu wofatsa, yemwe uja anandiphunzitsa zilembo ndili mwana. Sanakhudze pepalalo. Anayang'ana ine.

"Mwana wa Abiti Amidu, mayi ako ali apa. Yankha pamaso pawo. Anakuthira madzi?"

Ndinayang'ana sanda. Kunamiza munthu yemweyo kawiri ndinalephera.

"Anandithira."

Anthu anang'ung'udza, wina kumbuyo analavula. Shehe anakweza dzanja.

"Khomo silinatsekedwe. Pita ukasambe thupi lonse, ubwere unene shahada pompano, ulowe. Tikudikira."

"Madzi sadikira," anatero a Saidi, akuloza m'dzenje.

Mudzi unali kutali, nyanja ndiyo inali pafupi, mtunda woti masiku a mpira ndikanapita n'kubwera osachita befu. Ndinathamanga. Bondo linandilola pang'ono, kenako linapinda lokha, ndinagwa chafufumimba m'matope. Ndinadzuka, ndinakoka mwendo, ndinagwanso. Ndinafika m'mabango ndikukwawa, ndinasamba monga anatiphunzitsira, kuyamba mbali ya kumanja, mkamwa ndikutsuka katatu, kanayi, mpaka ndinasiya kuwerenga. Mvula inayamba ndili m'madzi. Pobwerera ndinatola mtengo wokankhira bwato n'kumatsimphina nawo.

Ndili patali ndinaona nsalu ija itapindidwa paphewa la munthu. A Saidi anali atatuluka kale, matope mpaka m'chiuno, akupukuta manja pa udzu. Kachipinda anali atatseka ndi mitengo. Shehe anandichingamira, maso ali pansi.

"Madzi anafika pakachipinda, mwana wanga. Tikanadikira tikanawagoneka m'thope. Nena mawu aja."

Ndinanena shahada pomwepo, zovala zikudontha, ndipo sizinatenge nthawi yoposa kumeza malovu. Shehe anandigwira mkono n'kundiimika pamzere wa anthu. Itakwana nthawi yanga ndinawerama, ndinatapa dothi lonyowa katatu n'kuponya, monga anachitira aliyense, ngakhale wogula nsomba wina wa ku Malawi amene anangopatuka ndi njinga yake ataona maliro.